Lekani Kunamizila Mbiya za a Inca

Pali cithunzi cimene cikuzungulila m'mafoni athu masiku ano. Cimabwela pa Facebook, cimabwela pa TikTok na kanyimbo ka citolilo kumbuyo, ndipo manje cayamba kulowa na m'ndakatulo za anzathu. Pacithunzipo pamakhala mbiya yokongola youmbidwa ngati mphaka wamkulu, mano ali pamtunda. Pansi pake alembapo kuti a Inca akale anali na nyama zitatu zopatulika: condor, muimba wamkulu wa kumapili a Andes, ndiye kumwamba na mizimu, puma ndiye dziko lino na mphamvu, njoka ndiyo kunsi kwa nthaka na nzelu. Basi, nkhani yatha. M'masekondi 30 mwamaliza cipembedzo ca ufumu wonse, mwadina "like", mwapitilila ku vidiyo ya mpila.

Ine nakana. Cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyelele, ndipo mu mkuyu uwu muli mabodza awili. Mbiya imene amakuonetsani nthawi zambili si ya a Inca. Ndipo kamndandanda ka nyama zitatu kaja, iliyonse na cipinda cake, mukakafuna pa mbiya zimene a Inca anaumbadi mudzatopa cabe.

Tiyambe na mwini mbiya. Dziko limene lelo ni Peru linali na oumba mbiya kwa zaka masauzande dzina la Inca lisanamveke. M'mbali mwa nyanja kumpoto kunali a Moche, kuyambila ca m'ma 100 mpaka ca m'ma 800 AD. Amenewo ndiwo anali amisili a nyama. Anali kuumba akadzidzi, ankhandwe, nkhanu, acule, agwape, na ankhondo a mitu ya mbalame, pamwamba n'kuikapo kampope kopindika ngati cigwililo ca ketulo. Kum'mwela kunali a Nazca, amene anali kujambula anangumi a mano na tumbalame tomwa timadzi ta m'maluwa, m'mitundu yambili yowala. Pambuyo pa a Moche kunabwela a Chimú, eni mzinda wa njelwa zosawocha wa Chan Chan, amene mbiya zawo zakuda bii anali kuziumba m'zikombole, nthawi zambili na kanyani kakang'ono kokakamila pa kampope. Mukaona mbiya imene thupi lake lonse ni nyama, yamoyo ngati ifuna kudumpha, kawili-kawili ni ya mmodzi wa anthu amenewa.

A Inca anabwela mocedwa. Ufumu wawo unayamba kukula mwamphamvu ca m'ma 1438 pansi pa mfumu Pachacuti, ndipo mu 1532 Francisco Pizarro anagwila Atahualpa ku Cajamarca. Zaka zosakwana 100. Pakati pa kutha kwa a Moche na kuuka kwa Pachacuti pali zaka zoposa 600. Cotsani 600 pa caka cino muone kumene mufika: nthawi imeneyo m'mipanda ya miyala ya Great Zimbabwe munali mukali anthu. Conco kuchula mbiya ya a Moche kuti ni ya a Inca kuli ngati mlendo amene ayesa aliyense wa kum'mwela kwa Africa ni Mzulu cifukwa anaonelela filimu ya Shaka. Kwa a Chimú ni cipongwe coposa apo. A Inca anawagonjetsa ca m'ma 1470, n'kutenga amisili awo ena kupita nawo ku likulu lawo la Cusco. Ise tikalemba "Inca" pansi pa mbiya ya a Chimú, tikumalizitsa nchito ya wogonjetsa, kwaulele, na bandulo yathu.

Nanga mbiya yeniyeni ya a Inca ioneka bwanji? Konzekani kukhumudwa. Ciwiya codziwika kwambili ca ufumu umenewu ni mtsuko wa khosi lalitali, milomo yotambasuka, mimba yaikulu, na pansi posongoka, moti suima wokha popanda kuukumbila kadzenje kapena kuutsamilitsa. Akatswili anaupatsa dzina lakuti aryballos, limene ni dzina la kabotolo ka mafuta ka Agiliki akale, ngati kuti eni ake analibe pakamwa. M'cinenelo ca Quechua, cimene a Inca anali kulamulila naco ndipo anthu mamiliyoni akali kukamba mpaka lelo, mtsukowu ni urpu kapena maka. Pathupi pake simupeza condor wotambasula mapiko. Mupeza mizele, tumabokosi, tumakona tutatu-tutatu, na kamtengo ka nthambi uku na uku kooneka ngati nthenga. Zofiila, zakuda, zoyela. Pamene John Rowe anaika mbiya za ku Cusco m'magulu mu 1944, magulu ake akulu-akulu anali a mizele yomweyi. Mtsuko wofukulidwa ku Ecuador na wina wa ku Chile, makilomita masauzande pakati pawo, imafanana ngati mayunifomu a apolisi, ndipo kufananako kunali kwadala.

Nyama ilipo, koma muyenela kuisakila. Paphewa pa mtsuko, m'munsi mwa khosi, pali kamutu kotumphuka, nthawi zina kosaposa cala camanthu. Pa mitsuko ina kamaoneka bwino kuti ni mutu wa mphaka wa kuthengo. Pa ina anakaumba mwacidule: tumizele twa maso, kena ka pakamwa, kwatha. Kamutu aka kanali pa nchito. Wonyamula anali kupisa cingwe m'zigwililo ziwili za m'mbali, n'kucikoleka pa kamutu kaja, n'kubeleka mtsuko kumsana ngati mwana. Ndiye kuti puma amene apezeka kwambili pa mbiya za a Inca ni cokolekela cingwe. Sinikamba izi monyoza. Kwa ine apa ndipo pali nkhani yokoma kuposa ya pa TikTok: nyama yoopsa ya kumapili aicepetsa mpaka kukhala kamfundo ka dongo, ndipo kamfundo kameneko ndiko kagwila katundu yense pamene munthu akwela phili, thukuta lili kamu-kamu.

Palinso mbale zawo zosaya, zodyelamo. Zambili zili na cigwililo coumbidwa ngati mutu wa mbalame, kawili-kawili bakha, ndipo kumbali inayo kuli tumfundo tuwili ngati mcila, moti mbale yonse imasanduka mbalame yonyamula cakudya pamsana. M'kati mwa zina anajambulamo tuzilombo touluka, mbalame za m'madzi, na nsomba za ndevu zonga milamba. Kudela la Pacajes, kum'mwela kwa nyanja ya Titicaca, mbale za nthawi ya a Inca zili na tuma llama tung'ono-tung'ono tojambulidwa na tumizele twakuda, tumbili-mbili ngati nyelele. Bakha, mlamba, tuzilombo. Ndani anaonapo mnyamata wodinda tatuu ya bakha pamkono ati ni mzimu wa a Inca?

Kuti mumve cimene kamutu ka pa urpu kanali kukamba, funsani cimene cinali m'kati. Munali mowa wa cimanga, umene Asipanya anauchula chicha, eni ake amati aqha. Amaufulula na cimela monga wa kwathu, ndipo kwina azimai anali kutafuna ufa kuti mate athandize kuwila. Mowa umenewu ndiwo unali mafuta oyendetsela boma. A Inca analibe ndalama zaciphaso kapena zasiliva. Msonkho wawo unali thukuta: mudzi uliwonse unali kupeleka anthu mosinthana kukalima minda ya boma, kukonza miseu, kumanga, kapena kupita kunkhondo. Dongosolo limeneli linali kuchedwa mit'a. Koma mwambo wa kumapili a Andes unali wakuti woitana anthu ku nchito ayenela kuwadyetsa na kuwamwetsa. Amene munakhalako kumudzi mudziwa dima: mwini munda afulula mowa, anthu abwela na makasu, akatsiliza akhala pansi amwa. A Inca anatenga dima n'kuikulitsa mpaka inakwana kucokela kum'mwela kwa Colombia kukafika pakati pa Chile. Kusiyana kwake n'kwakuti dima ya mfumu sunali kuikana.

Umboni uli ku Huánuco Pampa, mzinda wa boma umene a Inca anamanga pamwamba pa mapili, pa mseu waukulu wocoka ku Cusco kupita ku Quito. Craig Morris, amene anafufuza malowa kuyambila m'ma 1960, anapezako nkhokwe za miyala pafupi-fupi 500, komanso milu ya mapale a mitsuko ikulu-ikulu m'nyumba za mumpanda, pamodzi na zida zopotela thonje na ubweya. M'nyumba zimenezo munali kukhala azimai osankhidwa na boma, otengedwa m'midzi yawo akali atsikana, amene nchito yawo inali kuluka nsalu na kufulula mowa wa mfumu. Tamara Bray, amene anawelenga ziwiya za a Inca zopezeka m'madela osiyana-siyana, anaonetsa mu 2003 kuti m'maiko ogonjetsedwa mtsuko wa mowa ndiwo uculuka kuposa ciwiya cina ciliconse ca boma. Ufumu unali kufika m'mudzi mwanu na mkondo kudzanja lina, mtsuko kudzanja lina.

Ndipo kumwa kunali ndale zenizeni. Makapu awo, ochedwa kero, anali kupangidwa awili-awili ofanana: mfumu imwela imodzi, inayo ipatsa munthu amene ifuna kumanga naye cibale kapena kumuika pansi pa ulamulilo wake. Titu Cusi Yupanqui, mwana wa Manco Inca m'bale wake wa Atahualpa, pofotokoza mbili ya banja lake mu 1570 anakamba kuti Atahualpa anapatsa Msipanya mowa m'kapu ya golide, Msipanyayo n'kuukhuthula pansi, ndipo mfumu inakwiya kwambili. Kwa iye nkhondo inayambila pa kapu.

Manje ganizilani munthu wa fuko logonjetsedwa, wacoka kukasenza miyala tsiku lonse, akuona urpu ikubwela na mizele yake ya ku Cusco na kamutu kake ka mphaka. Kodi muganiza anali kuona "mphamvu yobisika m'kati mwa iwe"? Tulutsani ndalama ya pepala m'thumba muyang'ane nkhwazi ili pamenepo. Palibe wa ku Chawama amene amagwadila nkhwazi imeneyo, ndipo palibe amene amaifunsa za tsogolo la cikondi cake. Imakuuzani kuti pepala ili ni la boma, lili na mphamvu cifukwa boma lakamba. Mtsuko wa a Inca, mizele na kamutu komwe, unali kukamba cinthu cofanana: mowa uyu ni wa mfumu, ukamwa wavomela.

Cimene cimanipweteka kwambili pa kamndandanda ka nyama zitatu ni nyama imene anaisiya kunja. Llama, kangamila kopanda linunda ka kumapili, ndiyo inanyamula ufumu wonse pamsana. Kunalibe akavalo, kunalibe ng'ombe, kunalibe ngolo. Llama imodzi imasenza makilogilamu 25 kapena 30, ndipo zinali kuyenda m'magulu pa miseu ya mfumu. Nyama yake anali kuiyanika n'kukhala ch'arki. Ubweya wake na wa m'bale wake alpaca unali covala, ndowe zake nkhuni na manyowa. Pa nsembe zikulu-zikulu za ku Cusco, nyama yophedwa inali llama, yosankhidwa malinga na mtundu wa ubweya. Olemba mbili a Cisipanya akamba za napa, llama yoyela mbee yovekedwa nsalu yofiila na ndolo za golide, imene inali cizindikilo ca ufumu. Abusa anali kusunga tuma llama twa mwala tokhala na kadzenje pamsana, tochedwa conopa. M'kadzenjemo anali kuikamo mafuta, n'kutukwilila m'khola kapena kubusa kuti ziweto ziswane. Olo kumwamba anali kuiona. Pa mlalang'amba pali madela akuda opanda nyenyezi, ndipo anthu a ku Andes amaonamo nyama: llama yaikulu yochedwa Yacana na mwana wake, nkhandwe, cule, njoka, na mbalame yonga nkhwali.

Onani bwino pamenepa. M'thambo lawo muli njoka na cule. Njoka ija imene vidiyo inakuuzani kuti malo ake ni kunsi kwa nthaka ili pamwamba pa mitu yawo usiku. Ndipo llama, imene ili pansi pano, kumwamba, m'nsembe, m'mphika, na pa mbale za ku Pacajes, pa kamndandanda palibe. Cifukwa cake n'cosavuta. Llama imalavula, ili na nkhope ya mbuzi yodabwa, siigulitsa sikipa.

Wina anganene kuti nikukana zoonekelatu, pakuti puma, njoka na mbalame zinali zazikulu kwa a Inca. Zinalidi zazikulu, ndipo umboni ulipo wambili. Ku Cusco, pamene mitsinje iwili ya mumzinda ikumana, mpaka lelo pamachedwa Pumachupan, kutanthauza mcila wa puma. Rowe anakhulupilila kuti mzinda wonse unamangidwa m'maonekedwe a puma. Katswili mnzake Tom Zuidema anatsutsa, ati olemba akale anali kukamba mophiphilitsa za thupi la ufumu, mfumu ndiyo mutu. Anthu awili amene anathela moyo wawo pa nkhaniyi sanagwilizane pa puma mmodzi, koma mnyamata wa vidiyo wathetsa zonse asanamalize kapu ya tiyi.

Njoka nayo mumaidziwa kale osadziwa. Amaru ni cinjoka cacikulu ca m'nthano za ku Andes. Mfumu yothela ya a Inca, Túpac Amaru, inadulidwa mutu ku Cusco mu 1572. Patapita zaka zoposa 200, José Gabriel Condorcanqui anatenga dzina lomwelo n'kuukila Asipanya, ndipo anamupha mwankhanza pabwalo la mzinda womwewo mu 1781. Dzina limenelo ndilo amai ake a Tupac Amaru Shakur anapatsa mwana wawo. Conco nkhope ili pa khoma la babashopu ya mu komboni mwanu inyamula njoka ya ku Andes, ndipo njoka imeneyo ni dzina la ufumu na la kuukila. Pa mbalame, imene imveka kwambili pafupi na mafumu ni kabawi, waman m'ciquechua. Garcilaso de la Vega, mwana wa mkazi wa banja lacifumu la a Inca, analemba mu 1609 kuti mfumu inali kuvala pamutu nthenga ziwili za mbalame yochedwa corequenque. Felipe Guaman Poma de Ayala, amene ca m'ma 1615 anatsiliza kalata ya masamba pafupi-fupi 1,200 yodandaula kwa mfumu ya Spain, dzina lake lenilenilo litanthauza kabawi na puma. Nyama izi zinali maina a anthu, maina a malo, maudindo, zovala za pa mwambo. Tanthauzo linali kudalila amene wavala, malo, na tsiku.

Ngati mufuna kumva mmene anthu a nthawi imeneyo anali kukambila za nyama m'cinenelo cawo, pali buku la nthano za ku Huarochirí, dela la kumapili kum'mawa kwa Lima limene linali pansi pa a Inca, lolembedwa m'ciquechua ca m'ma 1608. Mu nthano ina mulungu Cuniraya akuthamangitsa mkazi amene wamuthawa, ndipo afunsa nyama iliyonse imene akumana nayo. Condor, puma na kabawi amulimbitsa mtima kuti amupeza, iye n'kuwadalitsa. Kanyimbi, nkhandwe na zinkhwe amuuza kuti wacedwa, iye n'kuwatembelela. Dalitso la condor ni kudya nyama zakufa za kumapili. La puma ni kudya ma llama a anthu olakwa, ndipo akaphedwa anthu adzavala cikopa cake povina. Mulibe zipinda zitatu mmenemo. Muli mulungu wacimaso-maso amene alipila omuuza zomukomela, nthano imene agogo anu angaizindikile msanga, pakuti ni ya mtundu wa Kalulu na Fisi.

Nanga zipinda zitatu zinacokela kuti? Mau akuti hanaq pacha, kay pacha na ukhu pacha, dziko la pamwamba, la pano na la m'kati, ni a ciquechua ndithu. Koma mu 1584 ku Lima kunasindikizidwa katekisimu m'Cisipanya, ciquechua na ciaymara, ndipo ansembe anatenga hanaq pacha kukhala kumwamba kwa Akhristu, ukhu pacha kukhala helo, na liu lakuti supay kukhala Satana. Akatswili ena amati nyumba ya nsanjika zitatu yaukhondo imene tiuzidwa lelo ili na fungo la katekisimu ameneyo, ndipo ine nili kumbali yawo. Ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa mmene mmishonale amatengela liu lanu n'kulibweza litavala kolala. Pa nthawi yomweyo ansembe anali kuyenda m'midzi kulanda na kutentha zinthu zopatulika. Pablo José de Arriaga anasindikiza buku lonse mu 1621 lophunzitsa mmene angazulile "mafano", ma conopa ali m'gulu. A Inca analibe zilembo zonga izi. Anali na khipu, zingwe za mfundo. Palibe woumba mbiya wa ku Cusco amene anatisiyila kalata yofotokoza kamutu ka pa urpu. Zambili zimene tidziwa zinadzela m'manja mwa anthu amene anabwela kudzaziphwanya.

Olo ma kero a mtengo opakidwa utoto wowala, okhala na anyalugwe, zinkhwe, maluwa na mafumu, amene anthu amakonda kuika pa intaneti ngati "luso lakale la a Inca", ambili ni a nthawi ya atsamunda. Thomas Cummins anaonetsa m'buku lake la mu 2002 kuti ma kero a Asipanya asanabwele anali a mizele yozokota, ndipo zithunzi za anthu na nyama zinaculuka ufumu utagwa.

Zotsala zinaumbidwa dzulo-dzuloli. Cikondwelelo ca dzuwa ca Inti Raymi cimene alendo amakhamukila ku Cusco mwezi wa June cinayambitsidwanso mu 1944 ngati sewelo lolembedwa. Mbendela ya utawaleza imene amati ni ya ufumu wa a Inca inapangidwa mu 1973 na mwini wailesi ina ya ku Cusco, ndipo khonsolo ya mzindawo inaivomeleza mu 1978. Kumene alendo abwela mamiliyoni, wowaonetsa malo afunika nkhani yaifupi yoloweza pakati pa basi na malo odyela. Nyama zitatu, maiko atatu. Imalowa m'mutu ngati nyimbo ya malonda.

Pano pali cotsutsa cimene nicilemekeza. Anthu a ciquechua ali moyo, ndipo ambili lelo amakamba za condor, puma na njoka na mtima wonse. Ndine ndani ine, wa ku Zambia, kuwauza kuti mwambo wawo ni watsopano? Mwambo umakula. Anthu amene anaphwanyilidwa zawo kwa zaka 300 ali na ufulu womanganso na zidutswa zimene apeza. Nilibe mlandu na mai wogulitsa mikanda ku Pisac, amene afuna ana ake adye. Mlandu wanga uli na wolemba "zaka masauzande zapitazo" pa cinthu ca m'zaka za agogo athu, n'kumata mauwo pa mbiya ya fuko lina. Cikhulupililo ca lelo cichulidwe kuti n'ca lelo, cidzalemekezeka. Cikabisala kumbuyo kwa mbiya ya a Moche cimafafaniza a Moche, cimafafaniza azimai a ku Huánuco Pampa, cimafafaniza na wonyamula urpu uja.

Ndipo bodza ili lili na mtengo wake m'nthaka. Mbiya zokongola zambili zimene zili m'nyumba za olemela ku Ulaya na ku America zinafukulidwa usiku na okumba manda, amene ku Peru amachedwa huaqueros. Mbiya ikazulidwa conco, palibe adziwa kuti inali m'manda a ndani, pafupi na ciani, munali ciani. Imasanduka yosalankhula, ndipo cosalankhula aliyense amaciikila mau ake m'kamwa. Mu 1987 ku Sipán okumba anathyola manda a mfumu ya a Moche. Apolisi atalanda zina mwa zinthuzo anaitana Walter Alva, amene anakumba mosamala n'kupeza manda ena osakhudzidwa. Cifukwa cinthu ciliconse cinapezeka pamalo pake, akatswili anatha kuona kuti zovala za wakufayo zifanana na za munthu wojambulidwa pa mbiya za a Moche pa mwambo wa nsembe. Tanthauzo linatuluka m'nthaka yosasokonezedwa. Msika umene ufuna "puma wa mphamvu" wa pa shelefu ndiwo umalipila fosholo ya usiku.

Kwa inu anzanga olemba, apa ndipo nifuna timvane. Mwezi na mwezi timawelenga ndakatulo zimene mlembi wake ni mkango, ni nkhwazi, manje wayamba kukhala condor. Nyama zonse zaukali, zonse zotanthauza cinthu cimodzi: ine ndine wamphamvu. Koma inu mudziwa bwino kuposa apo. M'kalasi mwanu munali a Tembo, a Njovu, a Mbewe, a Nguluwe. Banja lacifumu la Abemba ni Bena Ng'andu, a ng'ona. Mlendo atabwela n'kulemba kuti "kwa anthu a ku Zambia mbewa itanthauza kudzicepetsa, conco a Mbewe onse ni ofatsa", mungaseke mpaka kugwa pa mpando. Mudziwa kuti mfunda ni cibale, ni malo amene makolo anacokela, ni nkhani ya amene ungakwatile na amene ungaseleule naye pamalilo. Mudziwanso mmene cimawawila kuona cilombo ca Gule Wamkulu pa positikhadi na mau atatu ocifotokoza. Ndiye cifukwa ciani ticitila anthu a ku Peru cimene tikana kuti aticitile?

Ngati mtima wanu wakokedwa na dongo la ku Andes, lembani, palibe akuletsani. Koma zolemba zili mbwee zimene palibe wazikhudza. Pali ciwiya cochedwa paccha, cina coumbidwa ngati khasu lawo lopondela na phazi, pamwamba pake kamtsuko ka urpu na cisononkho ca cimanga. Amathila mowa pamwamba, n'kutulukila kunsonga kulowa m'nthaka, munda umwe coyamba. Pali mtsikana wotengedwa kwawo kukafulula mowa umene abale ake adzamwa monga malipilo a thukuta lawo. Pali woumba wa ku Chan Chan amene manja ake anazolowela anyani, lelo auzidwa kuumba mtsuko wa mfumu imene inagonjetsa kwawo, ndipo amauumba ndithu, koma wakuda bii monga a kwawo. Mitsuko yotelo ilipo, akatswili amaichula Chimú-Inca.

Nyumba yosungilamo zakale ya Museo Larco ku Lima, imene Rafael Larco Hoyle anayambitsa mu 1926, inaika zinthu zake masauzande ambili pa intaneti, ciliconse na cithunzi, fuko na nyengo yake. Mau ake ni a Cisipanya, koma "Moche", "Chimú" na "Inca" amawelengeka m'cinenelo ciliconse. Lembani "aríbalo" pofufuzila, mukulitse cithunzi na zala ziwili, muyang'ane paphewa pa mtsuko, m'munsi mwa khosi, pamene cingwe cinali kudutsa.